Miting'i ya makilasita, ya ICS kapena gulupu ya WhatsApp: iti imathandiza madzi akasefukira?

Anzanga a m'makhonsolo, m'mabungwe ndi inu a mipingo amene mumapezeka m'makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi, tiyeni tikambeko za miting'i ya akuluakulu ija imaitanidwa zinthu zikathina. Pa 13 March 2023 pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi chifukwa cha namondwe wa Freddy, matope atatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 600 anamwalira, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndiye kolera nayo inali kale pakati pathu. Tsiku ngati limenelo anthu angapo amayenera kukhala pansi nkugwirizana kuti boti lomwe lilipo limodzilo lipite kuti, mafuta achoke kuti, sukulu iti isanduke kampu, ndipo mmene miting'iyo yakonzedwera ndi zomwe zimachititsa kuti botilo linyamuke 8 koloko kapena 2 koloko masana.

Yomwe tinaizolowera ndi ya makilasita, kutanthauza magulu a ntchito, lililonse ndi gawo lake. Inayamba ndi a UN mu 2005, kuno amaiyendetsa ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, unduna umatsogolera gawo lake kenako bungwe la UN limathandizira, zaumoyo kuli WHO, madzi ndi ukhondo kuli UNICEF, chakudya ndi mayendedwe a katundu kuli WFP. Ku boma amakhala pampando ndi bwana DC ndi komiti ya ngozi ya bomalo, m'munsi muli makomiti a ngozi a kwa T/A mpaka a kumudzi (nthawi ya Freddy ankatchedwa DCPC, ACPC ndi VCPC). Ubwino wake sindingautsutse, aliyense amamva kuti ndani akupereka chani komanso kuti, nde kampu imodzi silandira ndowa katatu pomwe ina kutsidya ilibe ndi ufa womwe. Koma abale kutalika kwake. Pemphero, malonje, aliyense adzitchule dzina ndi bungwe lomwe wachokera, mawu otsegulira, kenako kilasita iliyonse iwerenge lipoti lake ngakhale ija ilibe chatsopano, pomwe muzifika pa nkhani ya boti anthu ayamba kale kusuzumira panja ngati zakumwa zafika. Chinanso chomwe sitimanena poyera nchoti wotsogolera kilasita salamula munthu, amangopempha. Bungwe likati ndalama zathu ma donor anati ndi za ku Nsanje basi, zathera pomwepo olo vuto lalikulu tsiku limenelo likhale ku Phalombe.

ICS, kapena kuti Incident Command System, ndi ya ku America. Inabadwa ku California moto wolusa wa 1970 utapsereza nkhalango ndi nyumba, ndipo atafufuza anapeza kuti chinavuta kwambiri ndi kusamvana, ozimitsa moto ochokera m'madera osiyana mawailesi awo samalumikizana, chinthu chimodzi aliyense amachitchula mwakemwake, komanso samadziwa kuti akumvera ndani. Nde anakonza kuti pazikhala wolamula mmodzi, pansi pake anthu anayi: woyendetsa ntchito yopulumutsa, wa mapulani, wa katundu ndi mayendedwe, wa chuma. Munthu mmodzi asayang'anire anthu oposa 7, abwino ndi 5. Nthawi amaidula m'zigawo, nthawi zambiri maola 12, ndipo chigawo chilichonse chisanayambe wolamula amanena zolinga zochepa zoti zichitike, zimalembedwa, chilichonse chili ndi dzina la mwini wake. Miting'i yotsatira imayambira pomwepo, chija tinati chichitike chachitika? Ngati ayi chatsekereza ndi chani? Mukakhala asilikali a MDF, apolisi ndi a Red Cross pamalo amodzi, ICS imalola atsogoleri awo kulamula limodzi koma pulani ikhale imodzi.

Ine imandisangalatsa, koma ndinene chilungamo kuti kwathu kuno imagunda khoma la ulemu. ICS imafuna kuti wolamula akhale wodziwa ntchitoyo osati wamkulu pa udindo, ndiye tayesani kuuza a phungu kapena a T/A kuti bwana dikirani kaye panja tikuuzani tikamaliza, muona nokha. Komanso ili ndi mafomu ambiri ndipo imafuna anthu ophunzitsidwa kale, sungaiyambe usiku womwewo mtsinje wa Ruo wadzaza. Anthu asanu angatseke chitseko nkupanga chiganizo mwachangu koma cholakwika, chifukwa yemwe amadziwa kuti msewu wa ku Makhanga suduka pamene iwo akuganiza anamusiya kunja.

Ku Britain ali ndi yawo ya Gold, Silver ndi Bronze, anaiyambitsa apolisi a ku London zitachitika zipolowe za ku Broadwater Farm mu 1985. Sinditayapo nthawi chifukwa ikufanana ndi ICS, koma chimodzi tingabeko: Gold, bwana wamkulu uja, amakhala patali nkumanena cholinga ndi kupeza ndalama, sapita kukalamula pamalo a ngozi. Mdipiti wa magalimoto a akuluakulu okaona zomwe zachitika umadya mafuta komanso umaimitsa anthu omwe amayenera kukhala akukumba.

Ndiye pali WhatsApp, yomwe kunena zoona ndi imene imayendetsa zinthu olo palibe anaisankha. Wapampando wa komiti ya ngozi ya kumudzi amatha kutumiza chithunzi cha mlatho wokokoloka mphindi yomweyo, bandulo ya pang'ono yakwana, palibe alawansi palibe transipoti. Koma nthawi ya Freddy magetsi anazima madera ambiri, ndipo foni ikatha moto kapena netiweki ikagwa, amene ali pamavuto akulu kwambiriwo ndi amene amakhala chete mu gulupu, nde mukangodalira zomwe zikulowa muthandiza omwe ali ndi chaji. Komanso chiganizo chimasowa pakati pa mauthenga mazana, wina waponya voisi noti yaitali, wina vesi, ena khumi angolemba "noted bwana", mawa lake aliyense akuti ine ndimaona ngati apita ndi aujeni. Yothandiza ndi kukhala ndi magulupu awiri, ina yolandirira malipoti, ina yoti amalembamo ndi ma admin okha zomwe zagwirizanidwa.

Mukandifunsa ine, masiku atatu oyamba pamene tikupulumutsa anthu ndingatenge kachitidwe ka ICS olo popanda mafomu ake: anthu osapitirira 7, mmawa ndi madzulo, mphindi 20 choimirira, mmodzi mwa iwo akhale wodziwa dera bwinobwino. A mfumu ndi a phungu apatsidwe nthawi yawoyawo tsiku lililonse yowafotokozera ndi kumva maganizo awo, akatero sadandaula kuti anyozedwa. Miting'i ya makilasita itenge mphamvu anthu akafika m'makampu, pamene nkhani yasanduka ya ufa, zimbudzi, klorini ndi matenti, apo ndiye imaposa zonsezi. Ndipo mu kagulu kakang'ono kaja musaiwale wa chuma, akhalemo ndi mphamvu zosainira mafuta pompopompo, chifukwa mukagwirizana kuti boti lipite koma pepala la dizilo likudikira siginecha ya munthu yemwe foni yake sikupezeka, boti likhalabe pa doko.