RAMSES ndaigwiritsa ntchito poyeserera mlalang'amba, ndemanga yanga ndi iyi

Amene mukufuna pulogalamu yoyeserera pa kompyuta momwe nyenyezi zimabadwira mu milalang'amba yafulati ija ngati Milky Way wathuyu, tengani RAMSES, simudandaula. Anailemba ndi Romain Teyssier, inatuluka mu 2002, ndi yaulere komanso code yake ili poyera moti aliyense atha kuwerenga ngakhale kusintha. Imayendera AMR, ndiye kuti pomwe gasi wawunjikana timabokosi ta giridi, tomwe kompyuta imagawira malo onse oyesererawo, timagawikagawika kukhala ting'onoting'ono, pomwe palibe kanthu kompyuta sitaya nthawi.

Koma chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya feedback, kutanthauza momwe mphamvu yochokera ku nyenyezi imabwerera nkusokoneza gasi wopanga nyenyezi zina. Tengani disiki imodzimodzi, ndiye kuti mlalang'amba wafulati uja, muyendetse kaye supernova (kuphulika kwa nyenyezi) mutazimitsa kenako mutayatsa, muone nokha. Mukazimitsa gasi amangozizira, disiki imapyapyala zedi kenako nkusweka kukhala zibuluma zolemera, nyenyezi zimabadwa mothamanga moti gasi amatha msanga, zosafanana olo pang'ono ndi zomwe ma telesikopu amaona kumwambaku. Mukayatsa ndiye eee zinthu zimasinthiratu, nyenyezi zolemera kuposa dzuwa ka 8 zija zikayamba kuphulika, iliyonse ndi mphamvu pafupifupi 10^51 erg (erg ndi muyeso wa mphamvu), disiki imabooka mabowo paliponse ngati phala likuwira, gasi wotentha madigiri miliyoni amathawira pamwamba ndi pansi pa disiki, wina akazizira amagweranso momwemo, ija amaitcha galactic fountain. Ndinajambula ndi yt, pulogalamu yoonetsera zotsatira pa zithunzi, disiki itaonekera cham'mbali, timizere ta gasi tikukwera nkupindika kubwerera, ndipo ndinakhala ndikungobwereza kavidiyo kameneko. Apa mpomwe umamvetsa bwino chifukwa chake mlalang'amba wathu umangopanga nyenyezi zolemera ngati dzuwa limodzi kapena awiri pachaka pomwe gasi ulipo wambirimbiri.

Chenjezo langa nali abale, resolution musaichepetse, ndiye kuti timabokosi tija tikhale ting'onoting'ono mokwanira. Timabokosi tikakhala tikulutikulu mphamvu ya supernova imamwazikira mu gasi wambiri, satentha mokwanira, ndiye yonse imangotayika ngati kuwala isanakankhe kanthu, vuto lotchuka lija la overcooling, ndipo silili pa code imodzi ayi aliyense wochita zimenezi amalimbana nalo. Mu namelist, fayilo yomwe mumalembamo zosankha zanu, muli delayed_cooling yomwe imathandizako pochedwetsa kuzizira kwa gasi, iliponso njira ya kinetic yokankha gasi mwachindunji m'malo momutenthetsa, koma ine maganizo anga ndi oti zotsatira zimadalira kwambiri njira yomwe mwasankha choncho yesani zingapo musanakhulupirire chithunzi chokongola. Eps_star ndimaiika cha pa 0.01, kutanthauza 1 peresenti ya gasi kusanduka nyenyezi pa free-fall time (nthawi yomwe gasi amatenga kuti agwere pamodzi chifukwa cha kulemera kwake), kenako ndimafananitsa ndi mzere wa Kennicutt wa 1998 uja wa slope 1.4, woonetsa momwe kubadwa kwa nyenyezi kumakwerera gasi akamachuluka mu milalang'amba yeniyeni.

Si yongodina batani ayi. Inalembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Fortran 90, mumachita compile nokha (kusandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda), MPI, njira yogawira ntchito ku ma processor ambiri, muyidziweko. Pa laputopu timayeso ting'onoting'ono timayenda bwinobwino koma disiki yeniyeni imafuna cluster, makompyuta ambiri olumikizidwa pamodzi, ndipo ma output amadya malo koopsa, konzeranitu posungira musanayambe. Wophunzira amene akuyamba kumene ayambe ndi ma test omwe amabwera nayo pamodzi, makamaka wa Sedov uja wa kuphulika kumodzi, akatero ndiye apite ku ma initial conditions (mafayilo oyambira kuyeserera) a disiki yokhala payokha a AGORA, pulojekiti yofananitsa ma code oyeserera milalang'amba.