Filimu kapena ceramic? Zomwe ndaona pa galimoto ziwiri za pakhomo limodzi ku Borrowdale

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi achimwene ena anandikokera pambali, akuti agula Prado yatsopano ndiye anthu awazunguza mutu, wina akuti matitsani filimu yoteteza penti wina akuti ayi ceramic ndiye yeniyeni, ndiye poti ine ndimayendetsa abwana anga ku Borrowdale muno mu Harare ndipo pakhomopo pali galimoto ziwiri, ina ya filimu ina ya ceramic, ndinawalonjeza kuti ndilemba bwinobwino kuti ndi ena omwe ali ndi funso lomweli amve nawo. Ine sindigulitsa zinthuzi ayi, ntchito yanga ndi kuyendetsa ndi kutsuka, ndiye zomwe ndikuuzeni pano ndi zomwe manja angawa akhudza kwa zaka zitatu.

Galimoto yoyamba ndi Land Cruiser 300 yoyera ya abwana, imeneyi inamatidwa filimu kutsogolo konse, bampala, boneti yonse, mafenda, nyali ndi kumbuyo kwa magalasi a m'mbali aja. Yachiwiri ndi Mercedes GLE yakuda ya mayi a pakhomopo, iyo inangopakidwa ceramic thupi lonse basi. Zonse zimagona galaja imodzi, zimasamba madzi amodzi, wotsuka ndine yemweyo.

Choyamba mudziwe kuti ziwirizi sizofanana ngakhale pang'ono, ogulitsa amangoziika mumtanga umodzi poti zonse akuti zimateteza penti. Filimu, ena amati PPF, ndi pulasitiki woonekera wofewa wa mtundu wa polyurethane, amachita kumumata pagalimoto ndi madzi a sopo nkumakankha ndi kachipangizo kuti madziwo atuluke. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi ma micron 200 (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi), pomwe penti yense wa ku fakitale kuchokera pachitsulo kufika pamwamba nthawi zambiri amakhala pakati pa 100 ndi 150, ndiye kuti filimuyo imaposa penti weniweniyo kukhuthala. Inayambira kutali, a kampani ya 3M anaipangira asilikali a ku America nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam kuti iziteteza mapiko a helikopita omwe ankadyeka ndi mchenga, kugalimoto kuno inabwera pambuyo. Ceramic ndi madzimadzi a m'kabotolo kakang'ono, muli silica, amapaka ndi kansalu kagawo kagawo kenako amauma nkukhala kachikuto kolimba koterera, koma kukhuthala kwake ndi micron imodzi kapena ziwiri basi. Tsitsi la munthu limodzi lili cha m'ma 70, ndiye ganizirani nokha kupyapyala kwake.

Ndiye tiyambe ndi miyala chifukwa kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa. Land Cruiser ija ndapita nayo kumudzi kanayi, kudzera ku Nyamapanda, Tete, nkukalowera pa Mwanza, ndipo aliyense amene wayendapo msewu umenewu akudziwa mathiraki ake, ukakhala kumbuyo kwa thiraki umangomva tha tha tha pa boneti ngati munthu akukugenda ndi chimanga. Ndapita nayonso ku Beitbridge nthawi yomwe msewu wa Masvingo unali ndi malo ambiri opatukira m'fumbi akukonza. Lero mukayang'anitsitsa filimu ya pa bampala muona timabala ting'onoting'ono, pena pake yachita kung'ambika pang'ono, koma penti wa pansi ali bwinobwino, mwala unathera mphamvu pa pulasitikipo. GLE ya mayi siyenda maulendo ataliatali, koma inangopita ku Mutare kawiri, pobwera boneti inali ndi timadontho toyera tisanu pomwe penti anagamphuka, ndipo pagalimoto yakuda timaoneka patali ndithu. Mayi anakhumudwa kwambiri chifukwa yemwe anawapakira anawauza kuti ceramic yake ndi 9H palibe chingaikande. 9H imeneyi abale si kulimba kwa mwala wa dayamondi ayi, ndi muyeso wa mapensulo, kutanthauza kuti pensulo yolimba kwambiri ija siikanda, basi. Mwala wochoka pa tayala la thiraki inu mukuthamanga 120 ndi nkhani ina.

Koma ceramic ili ndi pake pomwe imandisangalatsa, ndipo sindinama, pa kutsuka GLE ndi yomwe imandipatsa mtendere. Fumbi la August ndi September lija silikakamira, ukangothira madzi limatsetsereka lokha, matope a dzinja chimodzimodzi. Nthawi ya jacaranda mayi amakonda kuimika galimoto m'ma Avenues muja, misewu ya pafupi ndi tauni, pansi pa mitengo, maluwa aja akagwa nkunyowa amamatirira ndi kusiya zonanda, kuphatikiza zitosi za mbalame, pa penti wamba umachita kukhula mpaka kukanda koma pa ceramic kansalu konyowa kamodzi zachoka. Chenjezo lake ndi loti musazisiye, chitosi cha mbalame chikakhala tsiku lonse padzuwa la October chimadya ndithu ngakhale pa ceramic, chimangochedwerapo. Kuwala kwake nakonso, penti wakuda uja amaoneka ngati wanyowa nthawi zonse, ndipo Harare ili pamwamba pafupifupi mamita 1,500 dzuwa lake limafwifwitsa penti msanga, ceramic imathandizako pamenepo. Filimu yabwino nayo imateteza kudzuwa koma pokhapo pomwe yamatidwa.

Tsono pali chinthu chimene palibe anatiuza, madzi. Ambiri kuno timatsukira madzi a pa mjigo wa pakhomo poti a khonsolo sabwera masiku onse, ndipo madzi a pansi amenewa amakhala ndi mchere wina woyera uja umaoneka mu ketulo. Pa ceramic madzi samwazika, amaundana timibulu timibulu, zimene anthu amajambula pa foni nkumasangalala, koma timibulu timeneto tikaumira padzuwa kalikonse kamasiya kabwalo koyera, ndipo pa GLE yakuda zinafika poti boneti yonse inali mawangamawanga mpaka tinakagula mankhwala ochotsera. Kuyambira pamenepo ndimatsuka m'mamawa kwambiri pamthunzi, gawo limodzi ndikatsuka ndipukute pompo ndi thaulo la microfibre, osadikira kuti ndimalize galimoto yonse. Ngati inu mumasiya galimoto pa car wash masana nkupita kukagula zinthu, anyamata aithira madzi nkuisiya iume yokha, ceramic yanuyo ikuliritsani. Pa filimu madonthowa amabweranso koma pa galimoto yoyera sindiwaona kwenikweni.

Za pa car wash zomwezi, chidebe chimodzi nsalu imodzi, yomwe apukutira matayala ndi yomweyo akubwera nayo pa chitseko, mchenga uli momwemo. Zimenezi ndi zomwe zimabweretsa timizere tozungulira timene mumationa galimoto ikaima padzuwa. Ceramic imachepetsako pang'ono koma timizereto timabwerabe ndipo tikabwera sitichoka tokha, mpaka polishi, ndipo polishi imachotsa ceramic yomweyo ndiye mupakitsenso. Filimu ya masiku ano apa ndiye imandidabwitsa, pamwamba pake pali kachikuto kamene kakatenthedwa kamabwerera mwakale, tsiku lina mwana wa abwana anadutsa ndi njinga nkukhula fenda, panali mzere woonekeratu, ndinathirapo madzi ofunda nkuiimika padzuwa, pofika madzulo mzere uja kunalibe. Izi zimatheka pa zokanda zapamwamba zokha, ikang'ambika yang'ambika, amachotsa chigawo chimenecho nkumata china.

Filimu ili ndi zowawa zake, choyamba ndi mtengo. Kumata kutsogolo kokha kumatha kuposa mtengo wa ceramic ya galimoto yonse, ndipo mukati amate thupi lonse ndiye ndi madola ochuluka zedi, kangapo kuposa ceramic, poti katunduyo amachokera kunja komanso ntchito yake imatenga masiku. Chachiwiri ndi m'mphepete, pomwe filimu yathera fumbi lofiira la kuno limakhazikika nkupanga kamzere, pa galimoto yoyera kamaoneka, ndiye muwauze apindire mkati m'mphepete monse momwe zingatheke, ndipo musalole zomata theka la boneti, mzere wake umadutsa pakati penipeni ndipo umanyansa. Potsuka ndi mashini a madzi amphamvu aja musalozetse pafupi ndi m'mphepete, imamatuka. Chachitatu ndi filimu yotchipa, ilipo ina ya pulasitiki wa PVC yomwe poyamba imaoneka chimodzimodzi koma ikakhala padzuwa imasanduka yachikasu nkuyamba kuuma ndi kusweka, pochotsa guluu wake amatsalira. Funsani dzina lake ndipo muone bokosi ndi maso anu, mayina odziwika ndi monga XPEL, 3M, SunTek, STEK, ndipo a XPEL pa filimu yawo ya Ultimate Plus amapereka waranti ya zaka 10, koma mufunse womatayo kuti ikavuta muno mu Harare adzakonze ndani, akulembereni papepala. Ku ceramic nakonso kuli mayina, Gtechniq, Gyeon, CarPro, Ceramic Pro, ndipo zilipo za kupopera zija zomwe zimatha miyezi yochepa chabe koma ena amazigulitsa ngati ya zaka.

Chinthu chimodzi chimandiwawabe mpaka lero. Munthu woyamba yemwe anamata Land Cruiser ankadula filimu ndi kampeni pagalimoto pomwepo, ine ndili pomwepo ndikuona koma sindinadziwe kuti ndi zoopsa, patapita chaka tikusintha chigawo cha fenda tinapeza mzere wa mpeni mu penti, woongoka bwinobwino kutsatira m'mphepete. Galimoto yomwe timati tikuiteteza inavulazidwa tsiku lomwelo lomata. Alipo amisiri odziwa kudula ndi dzanja osafika pa penti, koma ngati simukumudziwa munthuyo sankhani omwe ali ndi mashini odula filimu pa kompyuta molingana ndi mtundu wa galimoto, ikubwera pagalimoto ili yodulidwa kale. Muonenso malo ake, ngati ndi pa shedi potseguka mphepo ikuuluza fumbi, kanthu kalikonse kolowa pansi pa filimu kakhala pomwepo zaka zonse.

Zonse ziwiri zimatsekera zomwe zapeza, penti akakhala wokandika ndiye mwatsekera zokandazo mkati, nchifukwa chake asanapake kapena kumata amayenera kutsuka mokwanira ndi kuchita polishi, ndipo pa ceramic ndalama zambiri mumalipira ntchito ya polishi imeneyi osati kabotolo. Amene mwagula ex-Japan kapena galimoto yoti inagundidwapo, auzeni ayeze penti ndi kamashini koyezera kukhuthala kaja, chifukwa pomwe anapoperapo penti wina filimu pochotsa imatha kunyamula penti yemweyo, ndipo ngati mwangopopetsa kumene dikirani mwezi kapena kuposa kuti aume mpaka mkati. Matalala, chitseko cha kombi, tirole ya pa shopu, izi zimabowola kapena kufinya chitsulo, palibe filimu kapena ceramic ingaletse.

Ndiye achimwene a Prado, ine ndikanakhala inu ndikanamata filimu kutsogolo konse, boneti yathunthu, ndi kuonjezera m'munsi mwa zitseko pomwe matayala amaponyera miyala komanso pakhomo pa buti pomwe katundu amakhula, kenako ceramic kwina konse ndi pamwamba pa filimu pomwe. Ndondomeko yake ndi imeneyo, filimu kaye ceramic pambuyo, mukayamba ndi ceramic filimu siigwira bwino poti pamakhala poterera. Ngati ndalama ikungokwana chimodzi, poti inu December aliyense mumapita ku Dedza ndi banja, tengani filimu ya kutsogolo, kwinako muzipaka wax wamba mpaka mudzapeze ina. Amene galimoto yanu imangozungulira Avondale, tauni, Msasa nkubwerera, ceramic yokha ikukwanirani bola muzipukuta madzi. Chitani zimenezi mvula ya November isanayambe chifukwa ceramic imafuna tsiku loyamba isanyowe ndi sabata yathunthu osatsuka, filimu nayo imafuna masiku angapo kuti madzi a pansi aume, timatuza tating'ono mukationa masiku oyambawo musatiboole timatha tokha. Tsiku lokamatitsa mundiimbire, ngati abwana sakutuluka ndidzapita nanu tikaone limodzi bokosi la filimuyo ndi mmene akudulira.