Inki ya golide: tikhulupirire kamakina kapena maso?

Anzanga osindikiza kuno ku Zomba mumandifunsa kawirikawiri kuti ndimayeza bwanji mtundu pa makhadi aukwati a inki ya golide ndi siliva. Ndiyankhe kamodzi pano.

Ndinaitanitsa pa intaneti kamakina koyezera mtundu kolumikiza ku foni. Nditalipira msonkho, ndinapeza kuti mitundu ya Pantone (kampani yomwe imapatsa mitundu ya inki manambala) mu app yake ndi yolipira mwezi ndi mwezi. Zimenezo ndinapirira. Zondiwawa zinadza pa makhadi a banja lina la ku Matawale. Kamakinako kanati golide wada kwambiri, ine n'kuchepetsa inki pa makina osindikizira. Mayi a mkwatibwi atabwera anangoyang'ana khadi limodzi n'kufunsa kuti, "Achimwene, ameneyu ndi golide kapena mtundu wa mandasi?" Ndinasindikizanso onse ndi ndalama zanga.

Vuto lake ndi ili. Inki yonyezimira ili ndi tizidutswa tachitsulo, aluminiyamu pa siliva ndi mkuwa wosakaniza pa golide, tomwe timabweza kuwala ngati galasi. Timakina tambiri timawalitsa pa madigiri 45 n'kuwerenga kuchokera pamwamba penipeni, ndiye kunyezimirako kumathawira kumbali, kamakinako n'kuona mdima pomwe diso likuona golide. Pa inki wamba ya CMYK (mitundu inayi yosindikizira) kamakina kanga kamagwira bwino, ndisaname.

Nayo densitometer, chipangizo choyezera kuchuluka kwa inki papepala, imangokuuzani ngati inki ikutsika mofanana pepala ndi pepala, basi.

Oyenera ntchitoyi ndi ma spectrophotometer (makina oyezera mtundu) a kampani ya X-Rite kapena BYK, oyeza pa madigiri angapo monga 15, 25, 45, 75 ndi 110, omwe opanga penti ya galimoto amagwiritsa ntchito. Mtengo wake si wa kashopu ngati kanga.

Ndiye ndinabwerera ku buku la Pantone: nambala 871 pa golide, 877 pa siliva. Ndimasindikiza khadi limodzi, liume mpaka mawa, ndiliike pambali pa bukulo pansi pa nyali ya D50 (yotengera kuwala kwa usana, yoonerapo mitundu posindikiza) n'kumalipendeketsa uku ndi uku. Pakhonde musayerekeze, kuwala kwa m'mawa nkhungu ikatsika m'phirimu n'kosiyana ndi kwa masana. Bukulo limasuluka, nchifukwa chake ndimalisunga m'kabati. Kasitomala akavomera amasayina kumbuyo kwa khadilo, ndipo ndi lomwe ndimayerekezera nalo mpaka ntchito ithe. Kamakina kaja ndimangoyezera zikwangwani.