Zimene ndinaona polembetsa m'kaundula wa opereka ziwalo ku England

Ndinalembetsa dzina langa mu NHS Organ Donor Register, kaundula amene bungwe la boma loona za magazi ndi ziwalo la NHS Blood and Transplant limasungamo zosankha za anthu pa nkhani yopereka ziwalo akamwalira. Ndinachita zimenezi pa foni, ndipo sizinanditengere nthawi yaitali, chifukwa fomuyo imangofunsa dzina, tsiku lobadwa, adiresi ndi zimene munthu wasankha.

Chimene ndinayamikira kwambiri ndi chakuti fomuyo sikakamiza munthu kuvomera zonse kapena kukana zonse. Mukhoza kupereka impso, chiwindi, mtima ndi mapapo koma kukana kachigawo koonekera ka kutsogolo kwa diso, mukhoza kukana kupereka chilichonse, ndiponso mukhoza kusankha munthu woti adzakulankhulireni. Pali ndi malo olembapo kuti ogwira ntchito m'chipatala adzakambirane ndi abale anu za chikhulupiriro chanu, ndipo kwa ine malo amenewa anali ofunika kuposa ena onse.

Kuyambira pa 20 May 2020, lamulo la ku England limaona munthu wamkulu aliyense ngati wavomera kupereka ziwalo pokhapokha ngati analembetsa kuti sakufuna, monga mmene dziko loyandikana nalo la Wales linayambira mu 2015. Lamuloli silikhudza ana osakwana zaka 18, alendo ongobwera kudzacheza, kapena amene sanakhale m'dzikomo kwa miyezi 12. Komabe anthu ambiri amaganiza kuti lamulo linathetsa nkhani yonse, pamene zoona zake n'zakuti anamwino a ntchitoyi amakambirana ndi banja nthawi zonse asanachotse chiwalo chilichonse, ndipo achibale amene sanamvepo maganizo a malemu amavutika kuyankha ali pakati pa chisoni.

Apa m'pamene fomu ya pa intaneti imathera mphamvu, ngakhale kuti tsambalo limalimbikitsa mobwerezabwereza kuti munthu auze abale ake. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawaonetsa amuna anga uthenga wotsimikizira kuti ndalembetsa. Anaika foniyo pa tebulo, n'kukhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Mayi a ana, mukukambiranji za imfa muli bwinobwino chonchi?" Ndinawafotokozera kuti anthu ochepa kwambiri ndi amene amamwalira m'njira yoti ziwalo zawo n'kuthandiza ena, kawirikawiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo tsiku loterolo likadzafika sindikufuna kuti adzasenze okha mtolo wongoganizira zimene ndikanafuna.

Ndinawauzanso chimene chinandikhudza mtima. Ku UK odwala akuda amadikira impso nthawi yaitali kuposa azungu, chifukwa impso imagwirizana bwino ndi thupi pamene gulu la magazi ndi mtundu wa minofu zikufanana, zomwe zimachitika kawirikawiri pakati pa anthu a mtundu umodzi, koma akuda olembetsa ndi ochepa. Pamene akudikira, ambiri amapita ku makina osefa magazi katatu pa mlungu.

Ntchito ya kaundulayu ndikuiyamikira, makamaka chifukwa munthu akhoza kusintha maganizo ake nthawi ina iliyonse. Amuna anga sanalembetse usiku umenewo, ndipo sindinawaumirize. Patapita masiku atatu anandipempha kuti ndiwatsegulire fomuyo, ndipo anawerenga chiwalo chilichonse mokweza asanasankhe.