Chipinda chochapira: kumanga chatsopano, kusintha chomwe chilipo, kapena kabati chabe?

Makina ochapira, ndowa, mopu ndi zovala zakuda zikayamba kulimbirana malo ndi mapoto m'khitchini, maganizo ofuna chipinda chochapira amabwera okha. Njira zilipo zitatu, ndipo musanasankhe, fufuzani kaye pomwe padutsa paipi yotulutsa madzi akuda. Mtunda wochokera pamenepo ndi umene umadya ndalama kuposa kukula kwa chipindacho.

Chifukwa chake n'chakuti madzi abwino amabwera ndi mphamvu, ndiye paipi yake mutha kuikhotetsa mmene mungafunire. Madzi akuda amayenda okha motsetsereka. Paipi yake, yomwe nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 40, imafunika kutsika masentimita awiri kapena kuposerapo pa mita iliyonse. Ikatalika, pulambala amayenera kuswa simenti ya pansi, apo ayi muike pampu, ndipo pampu imafuna magetsi ndi kukonzedwa.

Kumanga chipinda chatsopano ndiye kodula kwambiri. Mumalipira maziko, njerwa, denga, zenera, chitseko, pulasitala, kenako mapaipi ndi mawaya. Kachipinda kakang'ono sikatchipa mmene anthu amaganizira, chifukwa mmisiri amakumbabe maziko ndi kulumikiza denga latsopano ku lakale, ndipo polumikizira pamenepo ndi pomwe pamakonda kudontha. M'madera ambiri pulani imayeneranso kuvomerezedwa ndi oyang'anira zomangamanga ntchito isanayambe. Ubwino wake ndi woti simutaya malo m'nyumba, mumayika sinki, poyanika ndi chitseko chotulukira panja mmene mtima wanu ukufunira, komanso phokoso la makina limakhala kutali ndi kuchipinda chogona.

Kusintha malo omwe alipo kale, monga mbali ya galaja, chipinda chosungira katundu kapena khonde lakuseri, ndi kumene ine ndimakonda, makamaka ngati khoma lake lagundana ndi khitchini kapena bafa. Makoma ndi denga zilipo kale, pulambala amangobowola khoma n'kulumikiza. Koma galaja ili ndi zake: pansi pake kawirikawiri pamakhala potsika kuposa m'nyumba, ndipo m'madera ozizira kwambiri mapaipi osakutidwa amaphulika madzi akaundana. Yezaninso bwino malo. Makina ambiri ndi masentimita 60 m'lifupi, pafupifupi 60 kulowa mkati, ndi 85 msinkhu. Kumbuyo kumafunika mpata wa mapaipi, kutsogolo mita imodzi yoti munthu awerame ndi basiketi chitseko cha makina chili chotsekula. Chipinda chosakwana mamita awiri m'lifupi chimangolola kuyika zinthu mbali imodzi.

Kabati yochapira ndi yotchipa pa zonse. Makina oumitsira amakhala pamwamba pa ochapira, zonse zimakwana msinkhu wa masentimita 170, n'kutseka ndi zitseko. Sinki palibe, poyanika palibe. Kwa anthu awiri kapena atatu imakwanira, koma banja lalikulu imalipanikiza msanga.

Pali zinthu zomwe sizisintha kaya mwasankha njira iti, ndipo apa sindifuna kuti munthu aumire. Makina ochapira akamatenthetsa madzi amakoka mawati pafupifupi 2000, choncho amafuna soketi yawoyawo, osati ekisitenshoni, komanso chotetezera chomwe chimadula magetsi msanga akakhudzana ndi madzi. Imeneyi ndi ntchito ya katswiri wamagetsi wovomerezeka. Makinawo amalemera makilogalamu 60 mpaka 80 ndipo amagwedezeka pofinya, ndiye pansi pakhale polimba, posapendekeka, pa matailosi kapena simenti yosalowa madzi. Kabowo kotulutsira madzi pansi n'kotchipa kuika pomanga, koma kodula kuwonjezera pambuyo pake, ndipo tsiku limene paipi ya makina idzaphulike kadzapulumutsa nyumba yonse.

Chinyezi ndi chomwe ambiri amaiwala. Zovala zonyowa m'chipinda chotseka zimabweretsa nkhungu pamakoma ndi fungo losatha, ndiye pamafunika zenera kapena fani yotulutsa mpweya. Makina oumitsira otulutsa nthunzi panja amafuna bowo la mamilimita 100 pakhoma lakunja. Amtundu wa heat pump, omwe amazunguliza mpweya wotentha womwewo m'malo moutulutsa panja, safuna bowo ndipo amadya magetsi pafupifupi theka, ngakhale pogula ndi okwera mtengo. Kabati yomwe ili pakati pa nyumba imakukakamizani kugula makina osafuna bowo, ndiye ndalamayo iwerengereni limodzi musananene kuti kabati yatchipa.

Pofunsa mitengo, pemphani amisiri atatu kuti alembe padera za mapaipi, zamagetsi, zomanga ndi makabati, kuti muone pomwe akusiyana. Sungani ndalama yapadera, 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse, chifukwa khoma lakale likabowoledwa pamapezeka zina zomwe sizimaoneka. Ndalama zikachepa, makabati adikire: mashelefu wamba amagwira ntchito yomweyo, pomwe paipi yokwiriridwa molakwika imafuna kuswanso pansi.