Nsima ya 2 koloko usiku ndi mkangano wa LeBron ku Rosettenville

Malo odyera amene ndikufuna kukuuzani ali ku Rosettenville mu Johannesburg, kuseri kwa shopu yometera, ndipo alibe chikwangwani. Mukafunsa Mmalawi wokhala cha kumeneko kapena ku Turffontein kuti basketball amaonetsa kuti usiku, akulozerani. Masana ndi malo wamba: matebulo ochepa, nsima, nyemba, nkhuku, usipa, komanso chambo chouma basi yochokera kumudzi ikatsitsa katundu ku Park Station. Chowasiyanitsa ndi ena n'chakuti kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, nthawi ya ma playoffs (masewero ochotsana olimbirana chikho) a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, mayi mwini malowa amatsegula pakati pa usiku. Masewero a ku America amafika kuno anthu ali mtulo. Mafainolo amayamba 2 koloko kapena hafu pasiti 2 usiku, n'kutha cha m'ma 5, mataxi oyamba atayamba kale kuliza mahutala.

Ndiyambe ndi chakudya, poti ndiyo bizinesi yawo. Nsima ya nkhuku ndi R70, ya usipa R50, ndipo usiku wa masewero mumalipira R30 pakhomo, tiyi ndi mandasi awiri zili momwemo. Nsima ya usiku saphikiratu madzulo n'kumatenthetsa. Amatereka mphika kota yachiwiri ikayamba kuti pofika hafu taimu ikhale ikufuka nthunzi. Ufa wambiri ndi wa m'mashopu a kuno, ndipo aliyense amene wadya papa akudziwa mmene umanyenyekera, koma mayiwa amavundula mpaka mbamu imaumbika m'manja. Ufa woyera wa kumudzi ukapezeka amanena okha pakhomo, ndipo tsiku limenelo mbale zimatha msanga. Usipa ndi umene ndingakulangizeni: amaukazinga kaye, tomato pang'ono, osaumiza m'msuzi. Nkhuku ndi ya m'firiji, palibe chonena. Patebulo pamakhala botolo la Nali. Mowa sagulitsa ndipo nyama ya nkhumba kulibe, n'chifukwa chake abale athu achisilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga amadzaza theka la chipinda. Ndikukhulupirira kuti kusowa kwa mowako n'kumene kwachititsa kuti mkangano wa m'nyumbamu ukhale zaka osathera m'zibakera.

Pakhoma pali tikiti yakale m'galasi: 1 Ogasiti 2015, Ellis Park Arena, tsiku limene NBA inabweretsa masewero ake mu Johannesburg muno, Luol Deng akutsogolera timu ya Africa, Chris Paul ya maiko ena onse. Mayiwa anapita atakokedwa ndi mwana wawo, malamulo ake asakuwadziwa n'komwe, ndipo anaona Hakeem Olajuwon ndi Dikembe Mutombo, atapuma kalekale, akulowa m'bwalo kwa mphindi zochepa. Kuchokera pamenepo sanasiyenso. Lero amawadziwa masewerawa kuposa amuna ambiri amene amabwera kudzakuwa m'nyumba mwawo.

Mkangano wake ndi umodzi womwewo chaka n'chaka: LeBron James, katswiri wa NBA, zikathina amalimba, kapena amazizira nkhongono? Mbali ina imatsogoleredwa ndi mkulu wina wa ku Mangochi, mlonda, amene amabwera masiku amene sali pa shifiti. Mbali inayo ndi mnyamata wa ku Ndirande wotsuka magalimoto ku Booysens. Mnyamatayo akatchula kuti mu Febuluwale 2023 LeBron anapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, amene anali ochuluka kuposa a wina aliyense mu NBA, mkuluyo amangogwedeza mutu.

"Mwana wanga, usandiwerengere mapointi. Munthu akasewera zaka 20 amaunjikana okha. Ine ndikufunsa za mphindi ziwiri zomaliza. Wafika ku mafainolo maulendo 10, waluza 6. Michael Jordan wa Chicago anafika maulendo 6, onse anabwerako ndi chikho."

"Madala, ndiye mukuti kuluzira m'njira n'kwabwino kuposa kukafika? Jordan anatulutsidwa ndi Detroit mu 1988, mu 1989, mpaka mu 1990. Zimenezo simuwerenga bwanji? LeBron anafikitsa Cleveland ku mafainolo a 2007 ali ndi zaka 22."

"N'kukaluza 4-0."

Mawu ngati awa mungawamve pa Facebook tsiku lililonse, ndipo pakanakhala izi zokha sindikanalemba. Chimene ndimalipirira R30 ndi chimene mayiwa amachita phokoso likakula. Amatuluka m'khitchini, mthiko uli m'manja, n'kunena kuti, "Abambo, mwasokosa mokwanira. Khalani pansi tione." Amasaka masewero akalewo pa intaneti n'kuika kota yachinayi yonse, osati timavidiyo ta masekondi 20 ta pa foni. Amachita zimenezi pakati pa 11 koloko ndi nthawi yoyamba masewero, pamene anthu alowa kale ndipo geti latsekedwa.

Usiku umene anaika gemu yachinayi ya mafainolo a 2011, masapota a LeBron anasowa chonena. Miami, timu ya LeBron nthawi imeneyo, inali patsogolo magemu 2-1 pa Dallas, ndipo chikho chimapita kwa woyamba kupambana magemu anayi. Dirk Nowitzki wa Dallas anasewera thupi likutentha, koma ndi iye amene ankaufuna mpira pamapeto. LeBron, ali ndi zaka 26, ali ndi Dwyane Wade ndi Chris Bosh pambali pake, anathera pa mapointi 8. Nambalayo aliyense amaidziwa. Chimene nambala sikuonetsa ndi mmene ankaimira pakona, mpira ukamupeza n'kuupereka msangamsanga ngati ukumuotcha. Dallas inapambana 86-83, kenako n'kutenga chikho 4-2. Mnyamata wa ku Ndirande anati, "Apa madala mwanena zoona," ndipo anachita bwino kuvomera, chifukwa kukana zimene zikuoneka ndi maso kukanangofoola mfundo zake zina.

Sabata yotsatira mayiwa anaika gemu yachisanu n'chimodzi ya ku Boston mu 2012. Miami inali kumbuyo 3-2, kuluza kunali kutuluka, ndipo dziko lonse linali litakonzeka kumuseka kachiwiri. LeBron anagoletsa mapointi 45 n'kutola ma rebound (mipira yophonyedwa) 15, nkhope ili gwa, osamwetulira ngakhale kamodzi. Kenako inabwera 2016. Golden State inali itapambana magemu 73 n'kuluza 9 okha chaka chimenecho, ndipo m'mafainolo inatsogola 3-1 pa Cleveland, kumene LeBron anali atabwerera. Palibe timu imene inali itabwererapo kuchokera pamenepo m'mafainolo. LeBron anagoletsa 41, kenako 41 inanso. Gemu yomaliza ku Oakland ndi imene ndimaikonda kuionera m'gulu, chifukwa imapatsa aliyense chogwira. Anaponya maulendo 24, analowetsa 9 okha, ndipo mkulu wa ku Mangochi amawerenga kuphonya kulikonse mokweza. Koma zigoli zitaima pa 89-89, miyendo ya aliyense italema, ndi LeBron amene anathamanga kuchokera kumbuyo n'kukaphwanyira pabolodi mpira wa Andre Iguodala. Yogoletsa ya mapointi atatu imene inatsegula njira ndi ya mnzake Kyrie Irving, inde. Kukanapanda kutchinga kuja, Irving akanaponya timu yake ili kumbuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndinachiona pano, ndipo chimandikhudza chifukwa ndinasewerako pang'ono kusekondale ku Zomba ndipo ndikudziwa mmene mnzako amakuonera ukamupatsira mpira wofunika. Mu 2007, gemu yoyamba ndi Detroit, LeBron analowa mkati, anthu anamuunjirira, iye n'kupatsira Donyell Marshall amene anali yekha pakona. Marshall anaphonya, ndipo LeBron anatchedwa wothawa udindo. Mu 1997, gemu yachisanu n'chimodzi ndi Utah, Jordan ataunjiriridwa anapatsira Steve Kerr. Kerr analowetsa, Chicago inatenga chikho, ndipo Jordan anatamandidwa kuti amakhulupirira anzake. Mayiwa anaziika ziwirizi motsatizana, osanena kanthu. Maganizo ake ndi amodzi, ndipo onse ndi olondola. Kusiyana kuli m'dzanja la wolandira mpirayo. Masiku ochepa pambuyo pa pasi ya Marshall ija, m'gemu yachisanu ku Detroit komweko, LeBron anagoletsa 48, ndipo mapointi 25 omaliza a Cleveland onse anali ake.

Mkulu uja ali ndi mfundo zake zimene sindingazikankhire pambali. Amati mu 2010 LeBron anasiya Cleveland kukadziphatika kwa akatswiri anzake, pamene Jordan anapirira ku Chicago mpaka anatenga chikho choyamba mu 1991. Amatinso mu 2013 anapulumutsidwa ndi chigoli cha mnzake Ray Allen m'gemu yachisanu n'chimodzi ya mafainolo, ndipo n'zoona kuti mpira umene Bosh anatola n'kupatsira Allen unali wophonya LeBron, patangotsala masekondi ochepa kuti San Antonio inyamule chikho. Koma kota yomweyo ndi LeBron amene anaibweza Miami m'masewero, ndipo m'gemu yachisanu n'chiwiri anagoletsa 37. Ine sindinena kuti LeBron aposa Jordan. Zimene Jordan anachita ku Utah mu 1998, kulanda mpira kwa Karl Malone n'kukagoletsa yekha yomaliza, sindinaonepo chofanana nazo. Chimene ndimakana ndi dzina loti wamantha. Munthuyo anagwa mu 2011 dziko lonse likuona, chimenecho n'chake ndipo sichidzafufutika. Koma zikho za 2012, 2013, 2016 ndi 2020 zinabwera pambuyo pa manyazi amenewo, ndipo zitatu mwa izo anadutsa m'magemu amene kuluza kunali kupita kwawo. Mkuluyo masiku ano sanenanso kuti wamantha. Amangoti, "Si Jordan basi," ndipo pamenepo tingathe kukambirana.

Zolakwika zilipo, ndipo zina n'zazikulu. Juni wa kuno si wa masewera, koma chipinda chonse chili ndi hita imodzi ya gasi, ndipo amene ali pafupi ndi chitseko amavutika kwambiri. Mipando ndi ya pulasitiki, maola asanu n'limodzi msana umamva. Chimbudzi chili panja, getsi lake limayaka likafuna. Magetsi akazima kabatire kawo kamanyamula kanema koma ketulo ayi, ndiye tiyi amachedwa. Intaneti yawo imatsalira m'mbuyo pafupifupi theka la mphindi, ndipo nthawi zina chithunzi chimauma mpira uli m'malere. Chifukwa cha kutsalirako mayiwa anaika lamulo loti kota yachinayi ikayamba mafoni onse alowe m'beseni pakauntala, kuopa wina kukuwa chigoli tisanachione. Lamulolo n'labwino, koma mankhwala enieni n'kusintha intanetiyo, ndipo ndinawauza pamaso.

Chimene chimandipweteka kwambiri si cha mayiwa koma cha ife makasitomala. Mu Juni 2025, gemu yachisanu n'chiwiri ya Oklahoma City ndi Indiana, Tyrese Haliburton wa Indiana anagwa m'kota yoyamba mtsempha wa kuchidendene utaduka, mnyamata amene ananyamula timu yake mpikisano wonse ndi zigoli za m'masekondi omaliza. Theka la chipinda silinaone n'komwe, linali mkati mwa Jordan ndi LeBron. Ndinakwiya. Munthu wadzuka usiku, walipira, mawa ali ndi ntchito, n'kumamvera mkangano wa 2011 pamene masewero a lero akuchitika patsogolo pake. Mayiwa akanaika lamulo lachiwiri, loti mpira ukaponyedwa m'mwamba nkhani za akale ziyambe zaima mpaka hafu taimu.

Za chitetezo musazitenge mopepuka. Musayende wapansi kumeneko usiku. Fikani isanakwane 11 koloko, chifukwa pamenepo amakhoma geti ndipo satsegulanso mpaka masewero atatha, pokhapokha mwabwera pa galimoto ndipo mwaimba foni. Azimayi amabwera ochepa, ngakhale palibe amene amawavutitsa, mwini malo salola zachipongwe. Tengani bulangeti ndi chipewa, ndipo ndalama ikhale ya m'manja chifukwa makina a khadi alibe.

Pempho langa lomaliza kwa iwo ndi loti azionetsanso Basketball Africa League, ligi ya matimu a mu Africa muno. Inayamba mu 2021 ku Kigali, mu 2025 mafainolo ake anachitikira pafupi pompa ku Pretoria, ndipo masewero ake amaoneka nthawi ya anthu, masana ndi madzulo. Joel Embiid ndi Pascal Siakam onse anadutsa m'makampu a Basketball Without Borders mu Johannesburg muno asanadziwike. Ana athu amene amaponya mpira m'mapaki a Turffontein sangabwere 2 koloko usiku, koma Loweruka masana angabwere ndi makolo awo n'kudya usipa uja akuonera osewera a kuno kwathu. Mayiwa akuti vuto ndi lakuti masana kanema amalandidwa ndi okonda mpira wamiyendo, makamaka Chiefs kapena Pirates ikamasewera. Tagwirizana anthu angapo kusonkha ndalama ya kanema wachiwiri, mkulu wa ku Mangochi ndi amene akusunga.