Injera ya pa Jeppe, kumene ndimatengera alendo ochokera kumudzi

Munthu akangotsika basi pa Park Station kuchokera kumudzi, masiku oyamba amafuna KFC ndi Nando's. Pakapita kanthawi amayamba kufunsa komwe kumapezeka usipa ndi ufa woyera. Ine mlendo wotere ndimamusiya kaye atope nazo zonsezo, kenako ndimamutengera kwa anthu a ku Ethiopia pa Jeppe. Mu Joni monse muno, ndi malo okhawo amene ndimagula chakudya cha eni ake koma n'kudya momasuka: kusamba m'manja, mbale imodzi pakati, palibe wokubweretsera foloko.

Pa mapu a mufoni msewu wa Jeppewu umalembedwa kuti Rahima Moosa Street, dzina la mmodzi mwa amayi anayi amene anatsogolera azimayi anzawo ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956, kukakana malamulo a ziphaso. Koma woyendetsa takisi mukamutchulira dzina limenelo amangokuyang'anani. Nenani kuti Jeppe. Kuchokera pa Park Station ndi ulendo wapansi. Muzilowera kum'mawa, cha ku Troye Street, ndipo mufunse nyumba ya Medical Arts, imene ambiri amaitcha Little Addis. Kale munali zipinda za madokotala. Lero m'zipinda zomwezo muli ometa tsitsi, ogulitsa madiresi oyera a thonje, masitolo a zokometsera ndiwo ndi malesitilanti ang'onoang'ono ambirimbiri. Panja simungadziwe, chifukwa pakhonde pamangooneka nsapato, mabulangete ndi majini opachika. Fungo la khofi wokazinga ndi lubani limakupezani mukayamba kukwera masitepe.

Kumene ndimadya ine ndi kachipinda ka matebulo ochepa pamwamba, chikwangwani chake chili m'zilembo za chilankhulo chawo cha Amharic zokhazokha. Wailesi yakanema imakhala ikuonetsa mpira wa ku England kapena nyimbo zakwawo. Pepala la mndandanda wa zakudya kulibe. Amakufunsani funso limodzi: nyama kapena za kusala?

Yankhani kuti za kusala, makamaka ngati ndi Lachitatu kapena Lachisanu. Akhristu a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia sadya nyama, mazira, mkaka ngakhale batala masiku awiri amenewa pafupifupi sabata iliyonse, komanso kwa masiku 55 Pasaka wawo asanafike. Anthu amene amasala chotere anaphunzira kuphika nyemba ndi masamba mwaluso, ndipo mbale imene amaitcha beyaynetu ndi umboni wake. Amayala injera, mkate wawo wopyapyala, pathireyi yonse, pamwamba pake n'kuika timilu ta ndiwo mozungulira. Pali misir, tinyemba tofiira tophika ndi tsabola wawo wa berbere mpaka kuphwanyika. Pali nsawawa zachikasu zopanda tsabola, masamba otchedwa gomen ophika ndi adyo, kabichi wosakaniza ndi karoti ndi mbatatesi, ndi bitiruti. Pakati amathira shiro, chipere cha ufa wa nchana, chimene chimafika chikubwatabe m'kamphika kadothi. Shiro wa pamalo pano ndi amene amandikweza masitepe aja. Ndi wosalala, anyezi anapsa mpaka kusungunuka, mafuta sayandama pamwamba. Ndikamaliza ndimapempha wina, ndipo sanandikanizepo.

Tsono nkhani yaikulu ndi injerayo, chifukwa ndi pamene Amalawi ambiri amagwera. Ndi mkate wopyapyala, wofewa, wokhala ndi timaenje pamwamba, ndipo ndi wowawasa. Kuwawasa kwake kuli ngati kwa thobwa limene lagona masiku. Sikuti wawonongeka. Amakanda ufa ndi madzi n'kuusiya usase masiku awiri kapena atatu, kenako amathira pachiwaya chachikulu chophwatalala n'kuwotcha mbali imodzi yokha. Mlamu wanga, amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Midrand ndipo nsima amadya mitanda yosawerengeka, analuma kamodzi n'kundiyang'ana. "Alamu, anthuwa atipatsa chakudya chadzana." Vuto lake linali lakuti ankatafuna injera payokha. Imafunika kung'amba kachidutswa ndi dzanja lamanja, kutsina nako ndiwo, zonse n'kulowa mkamwa limodzi. Kuwawasa kuja kukakumana ndi tsabola ndi mafuta a ndiwo kumazimirira, n'kungosiya chilakolako chofuna kutsinanso. Gawo lokoma kwambiri ndi la pansi, limene lamwa msuzi wa ndiwo zonse. Musalisiye poganiza kuti ndi chotandikira mbale.

Pali injera ya mitundu iwiri pamalopa, ndipo mukakhala chete amakupatsani yoyera, yosakaniza ndi ufa wa mpunga, imene ndi yotsika mtengo komanso siwawasa kwenikweni. Yeniyeni ndi yoderako, ya ufa wa teff, kambewu kakang'ono kwambiri kuposa mawere. Imeneyi mumawonjezerapo ndalama pang'ono. Kwa munthu woyamba kumene, yoyera ndi yabwino. Ine ndimafuna yodera, chifukwa yoyera imatupa m'mimba, masana onse munthu umangoyasamula. Chondiseketsa n'chakuti teff amalimidwa kuno ku South Africa komwe, koma alimi a kuno amamulima ngati udzu wodyetsa akavalo ndi ng'ombe.

Za nyama ndinenepo mwachilungamo. Tibs, nyama yodula tizidutswa yokazinga ndi anyezi, tsabola wobiriwira ndi masamba a rosemary, imabwera pakambaula kadothi makala akuyaka pansi. Imaoneka bwino, imanunkhira bwino, koma yang'ombe ya pano nthawi zambiri imakhala yolimba. Munthu wozolowera kanyenya wa pachiwaya sadzaona chachilendo, ndipo pa mtengo wake shisa nyama, nyama yowotcha ya kulokeshoni, imaiposa. Doro wat, nkhuku yophika mu anyezi wambiri ndi berbere pamodzi ndi dzira lowiritsa, ndi ndiwo yapamwamba ndithu, koma saphika tsiku lililonse, ndipo ikakhalapo mumapatsidwa mwendo umodzi ndi dzira limodzi basi. Msuzi wake ndi umene mumagula.

Kitfo ndi nkhani ina. Ndi nyama yang'ombe yogaya, yaiwisi, yosakaniza ndi batala wonunkhira ndi tsabola wa mitmita. Eni ake amaikonda kwambiri, ndipo pa tebulo loyandikana nanu mudzaona amuna akuluakulu akudyetsana pamanja, mwambo umene amautcha gursha, wosonyeza chikondi ndi ulemu. Ine yaiwisi sindidya. Ndimapempha aitenthetse pang'ono, zimene iwo amati leb leb, ndipo ikatero imakoma, makamaka ndi tchizi chawo choyera chimene chimaziziritsa mkamwa. Pa tsabola musaope berbere. Kwa ife okulira pa kambuzi ndi Nali, ndi wofatsa, fungo ndiye lambiri. Wofunika kusamala naye ndi mitmita, wa ufa wofiirira amene amaika pambali m'kasosa.

Mnyamata amene amatibweretsera chakudya atamva tikulankhula anati "zikomo, bwanji achimwene", ife kudabwa. Anatiuza kuti anadutsa pa Karonga, anakhalako ku Dzaleka ku Dowa, kenako n'kutulukira pa Dedza. Ambiri mwa anthu ogulitsa pa Jeppe ndi ochokera kum'mwera kwa Ethiopia, madera a Hosaena, ndipo njira yawo yofikira kuno imadutsa Kenya, Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Chigawo chomaliza cha njirayo ndi chomwe timadutsa ifenso, pa Tete mpaka Beitbridge, kungoti iwo ambiri sadutsa atakhala pampando wa basi. Nsima anati anaidya miyezi yambiri ndipo sanaizolowere. Akuti ilibe kukoma kulikonse. Mlamu wanga anafuna kuyamba mlandu pomwepo.

Mukatha kudya musathamangire kutuluka. Pakona pamakhala mayi amene ntchito yake ndi khofi yekha. Amakazinga njere zobiriwira pamakala inu mukuona, amakuzungulitsirani chiwayacho kuti mununkhize utsi, amasinja, n'kuwiritsa mu jebena, kamtsuko kadothi kakhosi lalitali. Amathira m'timakapu topanda chogwirira, pambali lubani akufuka, n'kukupatsani mbuliwuli zoti muzitafuna. Mwambo wathunthu ndi kumwa maulendo atatu, khofi akunka nachepa mphamvu, koma masana a pakati pa sabata ambiri amamwa kamodzi n'kubwerera kusitolo. Ofulumira amaitanitsa macchiato, chizolowezi chimene anatengera kwa anthu a ku Italy amene analanda dziko la Ethiopia kuyambira 1936 mpaka 1941. Khofi wa pano ndi wamphamvu, ndipo shuga amathira wambiri mukapanda kuwaletsa. Ndikamamwa ndimakumbuka kuti mtundu wa khofi wa Geisha umene alimi a ku Misuku amalima unachokera ku Ethiopia komweko. Ife timalima khofi wabwino n'kutumiza kunja, tokha n'kumamwa tiyi.

Zosasangalatsa zilipo. Kachipindako ndi kothina, kukatentha mumatuluka thukuta, ndipo utsi wa makala ndi lubani umakakamira m'zovala mpaka kunyumba. Posambira m'manja ndi kasinki kamodzi, sopo nthawi zina amakhala atatha. Chingerezi cha operekera zakudya ndi chochepa, ndiye mukafuna chinthu ndi bwino kuloza mbale ya munthu wina. Ndipo si malo a chakudya chamadzulo: masitolo a m'tauni akayamba kutsitsa zitseko zachitsulo, nawonso amatsuka miphika. Ndimafika nthawi ya nkhomaliro, Loweruka ndimalawirira chifukwa kumadzaza. Panja pamsewu pamakhala chipwirikiti cha ogula ndi okankha matrole, foni ikhale m'thumba lamkati mpaka mutalowa.

Mtengo ndi umene umachititsa kuti ndizikhululuka zonsezi. Beyaynetu imodzi imakhutitsa anthu awiri, ndipo pamodzi ndi khofi ndalama yake siifika imene munthu mmodzi amalipira pa chakudya chamasana ku Rosebank kapena ku Sandton. Tengani ndalama zapamanja, makina a khadi musawadalire. Ngati muli ndi ana kapena munthu wamkulu amene injera yamukanika, pemphani mpunga kapena buledi, ndiwo zake ndi zomwezo.

Potsika ndimalowa m'kasitolo ka zokometsera kukagula paketi ya berbere ndi ufa wa shiro. Ufawo umapsa msanga ndipo umayenda bwino ndi nsima tsiku limene mulibe ndiwo. Berbere ndimathira mu nyemba ndi mu nkhuku. Mu usipa musayese, amaphimba kukoma konse kwa nsomba.